Zitsime Zobisidwa Pansi pa Malata

1. Buku la pakhomo la laibulale

Buku lija linafika pasukulu Lolemba pa galimoto ya kampani ya migodi, ndipo pofika Lachinayi linali litapeza kale ntchito. Ankaliika pakhomo la laibulale kuti chitseko chisamamenyeke ndi mphepo. Linali lolemera ngati njerwa ziwiri. Pachikuto panali chithunzi cha phiri lomwe aliyense ankaliona akatuluka m'nyumba, ndipo pansi pake panalembedwa kuti ili ndi lipoti lofotokoza mmene mgodi wa molibidenamu udzakhudzire anthu ndi chilengedwe.

Kalata yomwe inabwera ndi bukulo inkati munthu aliyense ali ndi ufulu woliwerenga. Anthu anathokoza kwambiri chifukwa cha ufuluwo, n'kumalidumpha polowa.

Amene analitola anali mtsikana wa Fomu 3 yemwe anzake ankamutchula kuti Mafunso. Dzinali sanalipeze chabe. Mphunzitsi akangoti, "Pali funso?" kalasi yonse inkatembenuka kumuyang'ana, ena akuusa moyo podziwa kuti nthawi yopuma yapita.

Analiwerenga bukulo masana onse, kenako analinyamula ndi manja awiri mpaka ku chipinda cha sayansi. Aphunzitsi a sayansi anali akutsuka timabotolo pasinki.

"Aphunzitsi, molibidenamu n'chiyani kwenikweni?"

"Ndi mtundu wa chitsulo," anayankha aphunzitsiwo. "Akamusakaniza ndi chitsulo wamba, chimalimba kwambiri ndipo chimapirira moto. Ali m'miyala pansi pa phiri lija, pansi penipeni. N'chifukwa chake kampani sikufuna kugumula phiri. Ikufuna kuboola njira yolowa pansi pake."

"Apa alemba kuti azidzapopa madzi usana ndi usiku. Madzi ake ati?"

Aphunzitsi anapukuta m'manja. "Bambo ako amakumba zitsime, ndiye umvetsa msanga. Mgodi wa pansi ndi chitsime chachikulu kuposa zonse. Madzi a m'nthaka amathamangira komwe kwazama kwambiri. Kuti anthu agwire ntchito pouma, madziwo ayenera kupopedwa. Akamapopa, zitsime zosazama za m'chigwa muno zikhoza kutsika, mwinanso kuuma."

Mafunso anatsegula tsamba lomwe analipinda pangodya. Panali mapu a chigwa chonse, okhala ndi timadontho titatu ta buluu. Timadonthoto tinali mijigo itatu: wa pasukulu, wa kumsika ndi wa kuchipatala. Pansi pa mapuwo panali lonjezo la kampani. Inkati malo aliwonse otungapo madzi omwe alembedwa m'bukuli idzawayang'anira, ndipo akadzauma idzabweretsa madzi ena.

"Omwe alembedwa m'bukuli," Mafunso anabwereza. "Nanga chitsime cha kwathu? Nanga chanu, aphunzitsi?"

Aphunzitsi anayang'ana kumbali. Anatenga botolo lomwe anali atatsuka kale n'kuyambanso kulitsuka.

"Msonkhano womva maganizo a anthu uli Loweruka mu holo ya sukulu," anatero motsitsa mawu. "Ukatha, bukuli alitseka n'kulitumiza kwa opereka chilolezo cha mgodi. Chomwe sichinalembedwe pofika tsikulo, kwa iwo ndiye kuti kulibe."

2. Tsiku lomwe tinawapusitsa

Zitsimezo sizinasowe pamapu chifukwa cha ulesi wa olemba ayi. Chaka chapitacho kunabwera anyamata ndi atsikana ovala majekete achikasu, akuyenda khomo ndi khomo kulemba komwe anthu amatunga madzi. Asanafike, mphekesera inali itawatsogolera. Inkati akudzatseka zitsime zonse zokumba pamanja, kuzikwirira ndi miyala, ndipo wozikumba akagona m'chitokosi. Anayambitsa nkhaniyi ndani? Mpaka lero aliyense amati anamva kwa mnzake.

Wozikumba anali mmodzi yekha, bambo ake a Mafunso. Anthu ankawatchula kuti a Mfuko, poti nthawi zambiri munthu ukawafuna unkangoona dothi likutuluka m'dzenje, eniake osaoneka.

A Mfuko atamva mphekeserayo anayenda chigwa chonse kutsina anthu khutu. "Pachitsime ikanipo lata, pamwamba muunjikepo chilichonse. Akafunsa, munene kuti mumatunga ku mjigo."

Anthu anachitadi ntchitoyo mwaluso. Ena anaunjikapo nkhuni, ena njerwa, ena anakokerapo ngolo yothyoka. Kwawo kwa Mafunso anaikapo tebulo ndi mabeseni ochapira, amayi ake n'kuimapo akuchapa malaya oyera kale.

Olemba aja anafunsa khomo lililonse, ndipo khomo lililonse linayankha chimodzimodzi: "Ku mjigo." Ngakhale agogo osayenda, okhala kutali ndi mjigo, anati amatunga ku mjigo. Anawo analemba zomwe anamva n'kumapita.

Sabata yonse anthu anaseka chikhakhali. Kometa tsitsi, kumsika, panjira, nkhani inali imodzi: tawapusitsa ophunzira. A Mfuko ankayenda ngati munthu wopulumutsa mtundu, ndipo kunena zoona, aliyense ankawaona choncho.

3. Machenjezo awiri

Madzulo a Lachinayi lomwelo Mafunso anawapeza bambo ake m'shedi kuseri kwa nyumba, akuthira simenti m'chikombole chopangira mikombero yomangira m'kati mwa chitsime. Anawafotokozera zonse: timadontho titatu, lonjezo la kampani, ndi msonkhano wa Loweruka.

"Bambo, tikanene kuti zitsime zilipo."

A Mfuko anazika fosholo mu mchenga. "Khala pansi, mwanawe, undimvetsere bwino. Ine ndinayamba kulowa pansi ndisanamere ndevu. Ndakumba m'dongo, ndakumba m'miyala, ndakumba pomwe ena anathawapo. Koma pepala la boma londilola kukumba ndilibe, ndipo sindinakhalepo nalo.

"Iwe usanabadwe, munthu wina wa ku ofesi anandipeza ndili m'dzenje. Anatenga piki, fosholo, chingwe ndi kagudumu kokokera dothi. Anandisiyira ndowa yokha, poti inali yobooka. Miyezi itatu ndinakhala ndikuyendera zida zanga, amayi ako ali oyembekezera. Ndikafika m'mawa ankati bwana sanabwere. Ndikafika masana ankati bwana wangochoka kumene. Iwe zimenezo sukuzidziwa, chifukwa unabadwa zida zitabwerera.

"Anthu a mapepala akamakufunsa dzina amakhala akumwetulira. Kumwetulirako kumathera pakhomo pako, koma pepala limapita kutali, komwe iwe sudzafikako. Ine ndinawauza anthu kuti abise, ndipo anandimvera chifukwa amandikhulupirira. Lero ukufuna kuti mwana wa m'nyumba mwanga momwe akaime pagulu n'kunena kuti tonse tinanama? Akadzatseka zitsimezo, anthu sadzapita kukalalata ku ofesi. Adzabwera pakhomo pano."

Asanamalize, panjira panamveka belu la njinga. Anali amalume ake a Mafunso, mchimwene wa amayi ake, omwe ankalondera pageti la kampani m'munsi mwa phiri. Anali atavala yunifolomu yawo, ndipo ankaivala ngakhale tsiku lopuma. Atamva nkhaniyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Alamu, mwanayu mumugwire," anatero. "Iwe mwanawe, pageti paja m'mawa uliwonse pamaima anyamata oposa zana. Ena anamaliza sukulu yomwe ukunyadirayo, koma akungopondaponda m'misewu, manja ali m'thumba. Amandifunsa kuti, 'Alonda, ayamba liti kulemba ntchito?' Ine ndimawauza kuti pirirani, chilolezo chatsala pang'ono. Ndiye iwe ukachedwetse zinthu ndi mafunso akowo? Anyamata amenewo sadzakufunsa tsamba lomwe unawerenga. Adzangodziwa kuti mwana wa a Mfuko ndiye watsekereza ntchito.

"Komanso uganizire ine. Mabwana anga akudziwa kuti ndiwe mwana wa mlongo wanga. Ukalankhula iwe, ayesa kuti ndakutuma ndine. Kusukulu tinakutumiza kuti udzapeze ntchito, osati kuti uzithamangitsa ntchito za anzako. Msonkhano wa akuluakulu mwana amakhala kumbuyo, amamvetsera, akatha amathandiza kunyamula mabenchi."

Mafunso anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi. Kenako anadzutsa mutu.

"Amalume, ine mgodi sindikuukana. Ndikungofunsa chimodzi. Chitsime chathu chikadzauma, tidzakauza ndani kuti chinalipo?"

Amalume anayang'ana alamu awo, alamu awo anayang'ana simenti.

"Simenti yanga ikuuma," anatero a Mfuko potsiriza. "Loweruka ukakhale chete. Ndatha."

4. Wotunga ndi mayi

Lachisanu atachoka kusukulu, Mafunso anapeza amayi ake m'dimba kuseri kwa shedi, akuthirira tomato, anyezi ndi kabichi. Lata lija linali chotsamira pampanda, pafupi ndi chitsime, kudikira tsiku lina lobisa. Mtsikanayo anavula nsapato n'kuyamba kukoka ndowa m'chitsime.

"Dzulo ndamva zonse," anatero amayi ake. "Shedi ilibe chitseko."

Mafunso anangokhuthula madzi m'kheni.

"Taona dimbali. Yunifolomu wavalayo inachokera muno. Mjigo wapafupi, kupita n'kubwera ndi ola lathunthu, ndipo ukafika umapeza zidebe zili pamzere mpaka kumsewu. Ndingathirire kabichi ndi madzi osenza pamutu? Bambo ako akuopa zomwe zinawachitikira kale. Ine ndikuopa zomwe zikubwera."

"Ndiye nditani, amayi? Bambo andiletsa."

Amayi ake anatula kheni pansi. "Chitsimechi anakumba ndi bambo ako, koma wotungamo ndine. Ine ndikukulola kuti ukachitchule. Koma umve zinthu ziwiri. Choyamba, ukatchule chathu chokha. Chitsime cha mwini usakachikhudze, ngakhale ukuchidziwa. Aliyense ali ndi pakamwa pake. Chachiwiri, usakawanyoze bambo ako pagulu. Anachita zija pofuna kuteteza anthu, ndipo tonse tinawaombera m'manja, ine ndemwe."

"Nanga akawamanga?"

Amayi anayang'ana kushedi. "Zimenezo inenso ndikuopa, mwanangu. Sindikunamiza."

Anatenga botolo lopanda kanthu lomwe linali pampanda, analitsuka, analidzaza ndi madzi a m'chitsime n'kumupatsa. "Anthu a mapepala sakhulupirira pakamwa. Ukawaonetse."

5. Mu holo

Loweruka m'mawa holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kutsogolo kunali tebulo lokutidwa ndi nsalu yoyera. Pamenepo panakhala injiniya wa kampani, bambo wamtali wa magalasi, ndi mayi wochokera ku ofesi ya boma yoona za chilengedwe, yemwe ankatsogolera msonkhano. Pabolodi anakhomapo mapu aakulu, timadontho titatu tija tikuoneka bwinobwino.

A Mfuko anakhala pabenchi yakumapeto, manja atapinda. Amalume anaima pakhomo ndi yunifolomu yawo, akuuza anthu pokhala ngakhale panalibe amene anawatuma.

Injiniya anafotokoza za njira yolowa pansi pa phiri, za fumbi, za magalimoto akuluakulu, ndi za dziwe lomwe adzasungiremo zotsalira za miyala. Atafika pa madzi anathera mphindi ziwiri zokha. Kenako anthu anayamba kufunsa. Wina anafunsa kuti ntchito iyamba liti. Wina anafunsa ngati akufuna madalaivala. Wachitatu anafunsanso kuti ntchito iyamba liti, poti poyamba paja anali panja.

Dzuwa litafika pamutu, mayi wa boma anayang'ana wotchi. "Ngati palibe funso lina, titseka."

Ana a Fomu 3 omwe anakhala pansi kutsogolo anatembenuka onse pamodzi. Mafunso anachita mantha kwambiri. Komabe anaimirira, botolo lija lili m'manja.

"Zikomo, mayi. Ndili ndi funso. Munthu akaulula kuti kwawo kuli chitsime chokumba pamanja, ndipo wokumbayo alibe chilolezo, mumumanga?"

M'holo munadutsa kaphokoso ngati ka njuchi. Mayi wa boma anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ine sindimanga anthu, mwanangu. Koma za zilolezo zili ndi ofesi yake, ndipo sindingalonjeze m'malo mwawo. Chomwe ndingakuuze motsimikiza n'chakuti chitsime chomwe sichili m'bukuli, ine sindingachiteteze."

Yankholo silinali lomwe Mafunso ankafuna. Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Bambo ake anapukusa mutu pang'onopang'ono. Amayi ake, omwe anakhala pakati pa amayi anzawo, anangomuyang'ana m'maso osaphethira.

Mtsikanayo anayenda mpaka kutsogolo n'kuika botolo lija pansalu yoyera.

"Madzi awa ndatunga kuseri kwa nyumba yathu. Kwathu kuli chitsime. Olemba atabwera tinachibisa, chifukwa tinamva kuti akudzachitseka. Tinanama, ndipo ndikupepesa. Ndikupempha kuti chilembedwe."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mwana wopanda mwambo!" Wina anati, "Watigulitsa!" Mnyamata wina pawindo anaimba mluzu wonyoza.

Injiniya anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Sanakwiye, anangomwetulira ngati munthu amene wapatsidwa ntchito yopepuka.

"Wachita bwino, mtsikana. Chitsime chimodzi tichiwonjezera pompano ndi cholembera. Koma anthu musade nkhawa, sichisintha masamu athu. Tikadzayamba kupopa, madzi a m'chigwa muno adzatsika mamita angapo. Mijigo ndi yozama, siidzamva kanthu. Kukanakhala zitsime zambiri zokumba pamanja, nkhani ikanakhala ina, chifukwa zimenezo ndiye zimayamba kuuma. Mwamwayi, kuno kulibe."

Mawu amenewa anagwa mu holo ngati mwala m'chitsime. Phokoso lonse linatha. Amene anakuwa uja anatsala kukamwa kuli yasa. Anthu anayamba kuyang'anana, aliyense akuona pankhope ya mnzake chitsime chomwe ankachidziwa bwino.

Benchi ina inalira. Aphunzitsi a sayansi anali ataimirira.

"Inenso ndili nacho," anatero. "Tsiku lija ndinaunjikapo nkhuni. Ndimaphunzitsa ana kuti polemba zomwe wapeza sunama, koma ine ndinanama. Lembani."

Anatsatira mayi wosoka zovala wa kumsika. "Changa chinali pansi pa njerwa. Lembani, bambo."

"Changa pansi pa ngolo!" anakuwa wometa tsitsi.

Kenako sizinathekenso kuwerenga. Anthu ankaimirira awiriawiri, asanuasanu, benchi yonse nthawi imodzi. Bambo amene anati "watigulitsa" anali atakweza manja onse awiri, poti iye anali ndi ziwiri. Injiniya anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

Pakhomo paja amalume anatsokomola. Anayang'ana bwana wawo, anayang'ana mlongo wawo, kenako anavula chipewa.

"Bwana, pepani," anatero. "Changa tinakokerapo khola la nkhuku. Nkhuku ziwiri zinagweramo, koma tinazivuula."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka, mpaka mayi wa boma anabisa nkhope kuseri kwa fayilo.

6. A Mfuko alankhula

Kuseka kutachepa, anthu anaona kuti a Mfuko akubwera kutsogolo. Ankayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu anawapatukira. Anamudutsa mwana wawo osamuyang'ana n'kukaima pafupi ndi mapu.

"Mayi, anthuwa asakusokonezeni ndi phokoso. Zitsime zilipo makumi anayi ndi chimodzi. Zonse ndinakumba ndine, ndipo amene anawauza kuti abise ndine. Chilolezo ndilibe. Ngati pali womangidwa, ndi ineyo. Mwanayu musamuvutitse, wanena zoona."

Injiniya anatenga cholembera. "Bambo, mungakumbukire kuzama kwake, ngakhale zingapo chabe?"

A Mfuko anamuyang'ana ngati wawafunsa ngati akukumbukira mayina a ana awo. "Ine ndimayeza ndi mikwamba, kutambasula manja chonchi. Cha aphunzitsi, mikwamba isanu ndi umodzi, madzi anatulukira pa dongo loyera. Cha osoka zovala, mikwamba inayi, koma chimatsika mkwamba umodzi mvula isanayambe. Cha alamu angawa, isanu ndi itatu, tinadutsa mwala wofewa wotuwa, ndipo madzi ake amachokera mbali ya kuphiri."

Anapitiriza choncho, khomo ndi khomo, chala chikuyenda pamapu. Injiniya analemba mpaka pepala linatha, anatembenuza, linathanso, n'kubwereka kope kwa mwana wa sukulu. Pofika chitsime cha makumi atatu anali atasiya mpando wake, ataima pambali pa a Mfuko ngati wophunzira.

"Mayi," anatero injiniyayo atamaliza, "masamu athu a madzi tinawamanga pa mijigo itatu. Ndi zomwe ndamvazi, ayenera kuyambidwanso."

Mayi wa boma anaimirira ndi buku lolemera lija m'manja.

"Mverani nonse. Bukuli silitsekedwa lero. Ndikupereka masiku makumi atatu kuti chitsime chilichonse chiyezedwe ndi kulembedwa. Pempho la chilolezo cha mgodi lidikira mpaka kampani itafotokoza mmene idzatetezere zitsime zimenezi. Achinyamata ofuna ntchito, musamukwiyire mtsikanayu. Ntchito ikadzabwera mudzafunabe madzi osamba pochoka kumgodiko."

Kenako anatembenukira kwa a Mfuko. "Bambo, munthu amene wasunga madzi a chigwa chonse m'mutu mwake, ine ndikumufuna patsogolo pa oyeza, osati m'chitokosi. Za chilolezo chanu mubwere Lolemba. Ku ofesi yakeko ndikakuperekezani ndekha, ndipo ndikanena zomwe ndaona lero."

Anthu anaomba m'manja mpaka malata a holo ananjenjemera. Azimayi anaimba nthungululu. Ana a Fomu 3 anamuzungulira Mafunso akukuwa dzina lake, omwe aja ankausa moyo akakweza dzanja m'kalasi. Amayi ake anamukumbatira, misozi ikutsika. Mafunso anasangalala kuposa tsiku lina lililonse lomwe ankalikumbukira.

7. Chotsala chimodzi

Pobwerera kunyumba a Mfuko anatsogola, mwana wawo akutsatira. Amayi ake anatsalira m'mbuyo ndi anzawo, aliyense akufotokoza mmene iye anaimirira poyamba. Bambo ndi mwana anayenda mpaka pamlatho waung'ono pomwe phiri limaonekera lonse.

Pamenepo a Mfuko anaima.

"Unandinyozera lamulo," anatero.

"Inde, bambo. Pepani."

"Usapepese. Ine ndinabisa zitsime kuti zisakwiriridwe, osadziwa kuti ndikuzikwirira ndekha. Pafunika mwana wa Fomu 3 kuti andiuze. Wandichititsa manyazi pang'ono, koma wandinyaditsa kwambiri."

Anamugwira paphewa ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Tsono poti wayamba, umve ichi," anapitiriza bambowo motsitsa mawu. "Mu holo muja ndanena makumi anayi ndi chimodzi. Zilipo makumi anayi ndi ziwiri."

"Chinacho n'cha ndani?"

"Chilibe mwini. Ndinachikumba ndi malemu bambo anga, ndili mnyamata, m'munsi mwa phiri. Sitinachimalize. Titafika mikwamba khumi tinaboola mwala, ndipo madzi anakwera mwamphamvu moti tinathawa, piki n'kuisiya momwemo. Tinachivindikira ndi mwala waukulu. Bambo anga anati pamenepo ndi pomwe pamadutsa madzi omwe amadyetsa zitsime zonse za m'chigwa."

"Bwanji simunachitchule?"

"Chili m'kati mwa mpanda wa kampani, pamalo omwe injiniya analoza kuti padzakhala khomo la mgodi. Injiniyayo ndi munthu wabwino, koma ali ndi mabwana ake. Ndimafuna kuti mayi uja akachione ndi maso ake Lolemba, nkhani isanamveke."

Ali chilankhulire, kuphiri kunamveka kulira kwa injini. Onse anatembenuka. M'kati mwa mpanda, ngakhale chilolezo cha mgodi chinali chisanatuluke, chimakina chachikasu chosalaza malo chinali chikukwera pang'onopang'ono, chikukankha dothi ndi miyala patsogolo pake, fumbi lili kobo.

A Mfuko anaphimba maso ndi chikhatho kuti aone bwino. Nkhope yawo inasintha.

"Chikulunjika pomwepo," anatero. "Lolemba n'kutali. Mayi uja wanyamuka?"

Mafunso anayang'ana kumbuyo. Pabwalo la sukulu, dalaivala wa galimoto ya boma anali akutsegula chitseko, mayi uja akutsanzikana ndi aphunzitsi aakulu.

Mtsikanayo anavula nsapato, anazipatsira bambo ake, n'kuliyatsa liwiro kubwerera kusukulu.